MASALA A KU CHONGWE ABWERERE KUKHALA NKHALANGO

Nkhani yokambidwa kwa mamembala a Cipani a m'nthambi za kumidzi, makamaka a m'boma la Chongwe, pokonzekera nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala caka ciri conse.

Munthu ali yense woyenda pa mseu waukulu wa Kum'mawa, kucokera mu mzinda wa Lusaka kulinga ku Chongwe, amaona zinthu ziwiri zosasowa womulozera. Coyamba ndi njinga ndi malole osenza matumba a malasha, zonse zitalunjika ku mzinda. Caciwiri ndi malo ambee a m'mbali mwa mseu ndi kuseri kwa midzi, amene kale anali nkhalango, pambuyo pake nasanduka minda, koma lero sali nkhalango ndiponso sali minda. Malo otere makolo anawacha masala. Tsala ndi munda umene mwini wake anauleka cifukwa nthaka inaguga, cimanga cinayamba kufiira cisanamasule, ndipo kaufiti analanda mizere yonse.

M'masiku a makolo tsala linali munda wopumula. Mlimi anali kulisiya zaka zambiri, mitengo niphukanso, masamba ake nabwezera conde m'nthaka, ndipo mdzukulu anali kupeza munda wabwino pamene agogo ake anasiya. Masiku ano tsala silipumula. Mphukira zikangofika m'ciuno zimadulidwa, moto umapitapo caka ndi caka, mbuzi ndi ng'ombe zimatsiriza zotsala. Motero malo amene anayenera kucira akunka naipiraipira.

Colinga ca nkhani ino ndi kuonetsa kuti masala a ku Chongwe angathe kukhalanso nkhalango, ndi kuti njira yake siyobzala mtundu umodzi wa mitengo m'mizere yaitali ai. Njira yake ndi kuyamba kusamala mitengo imene iri kale m'nthaka, kenaka kuonjezerapo mitengo yamitundumitundu, uli wonse pamalo pake ndi pa nchito yake.

MADZI NDIWO MBONI

Nkhani ya mitengo ku Chongwe ndi nkhani ya madzi. Mtsinje wa Chongwe umalandira madzi a Ngwerere, Kanakantapa ndi Chalimbana usanakathire mu Zambezi, ndipo anthu a pa boma amamwa madzi ocokera pa dziwe lochingidwa pa mtsinje umenewu. Zaka zingapo m'miyezi yotentha dziweli laphwa, kufikira kuti madzi akumwa anali kubwera ndi magalimoto a mathanki, amai ndi ana atandanda ndi zigubu kuyambira mbandakuca. Zifukwa zake nzambiri. Pali cilala, pali madamu ndi ulimi wothirira kumtunda kwa mtsinje, palinso kukumba mcenga m'mitsinje. Koma cifukwa cimene ciri m'manja mwa munthu wa kumudzi ndi kutha kwa mitengo.

Mvula ikagwa m'nkhalango, masamba amaicepetsa mphamvu, zinyalala zapansi zimaigwira, ndipo madzi amalowa pang'onopang'ono m'njira zimene mizu inatsegula. Madzi omwewo ndiwo amaturukira m'akasupe, m'madambo ndi m'zitsime m'nyengo ya cirimwe. Mvula ikagwa pa tsala louma gwa, madzi amathamanga tsiku lomwelo, nakokolola nthaka, nasiya zigwembe, nakadzaza madamu ndi matope. Mtsinje umasefukira mu Januwale, nuuma mu Seputembala.

Mbiri ya mtsinje wa Chalimbana iri ndi phunziro limene membala ali yense ayenera kulidziwa. Mtsinjewu umayambira m'Nkhalango Yotetezedwa ya Nambala 27, kum'mawa kwa Lusaka, imene inaikidwa pansi pa citetezo ca lamulo mu 1957. Mu 1983, m'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kenneth Kaunda, citetezoco cinacotsedwa. Mitengo inadulidwa, ndipo anthu okhala m'mbali mwa Chalimbana anaona madzi a mtsinje wao akucepa. Anthuwo sanakhale cete. Anasonkhanitsa maina, napereka dandaulo lao kwa Mtsogoleri Frederick Chiluba, ndipo mu 1996 nkhalangoyo inabwezedwa pansi pa lamulo. Koma pakati pa 2017 ndi 2019, m'nthawi ya Mtsogoleri Edgar Lungu, mbali zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba, kotero kuti pa mahekitala pafupifupi 1,750 panatsala osakwana theka. Bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust pamodzi ndi atsogoleri a Asoli anakatula nkhaniyo ku bwalo la milandu.

Phunziro lake ndi ili: nkhalango yolembedwa pa pepala lokha ingathe kufafanizidwa ndi pepala lina. Nkhalango imene imakhalitsa ndi imene anthu oizungulira akuidziwa phindu lake, ndipo ali okonzeka kuiimirira. Madzi akatayika saoleka.

MASALA ANACOKERA KUTI

Sikoyenera kunyoza mlimi amene anasiya tsala, pakuti masala ali ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Boma linalimbikitsa anthu kubwerera ku minda ndi kulima cimanga, feteleza anali wotsika mtengo, ndipo bungwe la NAMBOARD linali kugula zokolola. Mu 1988 malo a Kanakantapa anatsegulidwa kuti acinyamata osowa nchito m'mizinda akayambe ulimi. Zolinga zimenezi zinali zabwino, ndipo mabanja ambiri anapeza pokhala. Koma cimanga colimidwa pamalo amodzi caka ndi caka, popanda kasinthasintha ndi popanda manyowa, cimatopetsa nthaka. Pamene thandizo la feteleza linacepa pambuyo pa 1991, alimi ambiri anasiya minda yoguga natsegula ina m'nkhalango.

Pamwamba pa izi pali njala ya malasha ya mzinda wa Lusaka, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 okha kucokera pa boma la Chongwe. Kafukufuku wa nkhalango za dziko lonse amene anaturuka mu 2016 anaonetsa kuti Zambia inali kutaya mahekitala pafupifupi 276,000 a nkhalango pa caka. Cilala ca 2024 cinaonjezera moto. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, popeza mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anapserera. Madzi a ku Kariba atacepa, magetsi anali kuzima nthawi yaitali, mabanja a m'mizinda nathamangira ku mbaula, ndipo mlimi amene nkhokwe yake inali yopanda kanthu anatenga nkhwangwa. Woocha malasha si mdani wa dziko, ndi munthu wofuna ufa ndi ndalama za sukulu. Cifukwa cake nkhalango yobwezeretsedwa iyenera kukhala yodyetsa mwini wake, apo ai idzagwanso.

TSALA SILINAFE

Colakwa cacikulu cimene anthu amacita pofuna kubzala mitengo pa tsala ndi kuyamba kuzula zitsa ndi kulambula chire lonse kuti malo aoneke audongo. Kutero ndi kutaya cuma cimene ciripo kale.

Nkhalango za kuno ndi za mitengo ya mombo ndi mtondo, pamodzi ndi msuku, mpundu, mlombwa, muwanga ndi msolo. Mitengo imeneyi moyo wake waukulu uli pansi. Mombo ukadulidwa, citsa ndi mizu sizifa msanga. Zimakhala zamoyo zaka zambiri, ndipo mvula ikagwa zimaturutsa mphukira. Mphukira yotere imakula msanga kuposa mbande ya ku nazale, cifukwa imayamwa ndi mizu ya mtengo waukulu imene inafika kale pakuya. Siifuna kuthiriridwa, siifuna ndalama, ndipo ciswe ca pamalopo inacizolowera.

Profesa Emmanuel Chidumayo, katswiri wa nkhalango amene anaphunzitsa pa Yunivesite ya Zambia, anayeza mitengo pa malo amodzimodzi ku Chakwenga, kum'mawa kwa Chongwe, kwa zaka 22 kuyambira mu 1990. Nchito yake ndi ya akatswiri anzake inatsimikiza zimene akuluakulu a kumidzi amadziwa: nkhalango ya mombo imabwerera makamaka kupyolera m'zitsa, m'mizu ndi m'timitengo tating'ono timene tinamera kale koma tikubisala m'udzu, ndipo comwe cimaibweza m'mbuyo ndi moto ndi kudulidwa kawirikawiri.

Dziko la Niger, limene ndi louma kwambiri kuposa Zambia, linapindula ndi nzeru imeneyi. Mu 1983 mlangizi wa ku Australia, Tony Rinaudo, amene anali atalephera kwa zaka zingapo kukulitsa mbande za ku nazale m'dera la Maradi, anazindikira kuti zitsamba zimene alimi anali kusadza m'minda zinali mphukira za mitengo yakale. Alimi atayamba kuzisamala, mitengo pafupifupi 200 miliyoni inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Kacitidwe kake nkosabvuta. Pa citsa ciri conse mlimi asankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zotsalazo adule ndi cikwanje cakuthwa. Pa zosankhidwazo asadzire nthambi zam'munsi mpaka pakati pa msinkhu. Zodulidwazo ndizo nkhuni za pa nyumba. Caka ndi caka abwerezenso. Amene akudula mtengo asiye citsa cosalala bwino cosang'ambika, ndipo uvuni wa malasha usaikidwe pamwamba pa zitsa, pakuti pamene uvuni unayaka mizu imapsa, ndipo malowo amakhala dazi nthawi yaitali.

MOTO WA OKUTOBALA

Palibe nchito yobwezeretsa nkhalango imene ingapambane ngati moto sunagwiridwe. Mu 1933, ku Ndola, akatswiri a nkhalango anapatula malo oyeserera: ena anali kuochedwa kumayambiriro kwa cirimwe, ena kumapeto kwake, ena osaochedwa konse. Zotsatira zake anazilemba C. G. Trapnell mu 1959. Pamene panali kuochedwa mocedwa caka ndi caka, mitengo ya mombo ndi mtondo inatha pafupifupi yonse, panatsala mitengo yocepa yopirira moto pakati pa udzu wautali. Pamene panali kuochedwa msanga, nkhalango inakhalabe.

Cifukwa cake ncodziwika. Mu Meyi ndi Juni udzu ukali ndi cinyezi, moto umayenda mofooka ndipo umazima wokha usiku. Mu Seputembala ndi Okutobala tsekera amakhala atauma, mphepo iri yamphamvu, ndipo ndi nthawi yomwe mombo umaturutsa masamba ake ofiira anthete. Moto wa nthawi imeneyo umapha nchito ya caka conse m'ola limodzi.

Motero mudzi uli wonse ulambule njira yochinga moto kuzungulira tsala losungidwa mwezi wa Juni usanathe. Pamene pali mitengo yokulirapo, paochedwe msanga, m'mawa kapena madzulo, anthu ali pomwepo ndi nthambi zozimira. Pamene pali mbande zongobzalidwa, moto usafikepo konse kwa zaka zoyamba, ndipo udzu uzipaliridwa kuzungulira mbande iri yonse. Anyamata osaka mbewa ndi ofula njuci auzidwe mosabisa kuti ndiwo za tsiku limodzi sizingalipe nkhalango ya mudzi wonse.

CIFUKWA CA KUSAKANIZA

Zitsa zikasamalidwa, pamatsala mipata pamene mizu inafa, kapena pamene pulawo ndi thirakitala zinazula zonse. M'mipata imeneyi ndimo mofunika kubzala. Funso ndi lakuti mubzalidwe ciani.

Kwa zaka zambiri kubzala mitengo kunali kutanthauza bulugamu kapena paini. Mitengo imeneyi iri ndi nchito yake. Minda yaikulu ya kampani ya ZAFFICO ku Copperbelt imapatsa dziko matabwa ndi mapolo, ndipo kamunda ka bulugamu pamtunda kamapatsa banja mitengo yomangira. Koma munda wa mtundu umodzi si nkhalango, ndipo pali zifukwa zinai zosakanizira mitengo.

Coyamba ndi matenda ndi tizirombo. Mu 1986 nsabwe za mitengo ya saipulesi zinaoneka ku Malawi, nizifalikira m'maiko oyandikana, ndipo minda yambiri ya mitengoyo inauma. M'zaka za m'ma 1990 kacirombo kena kanagwira mtengo wa lukina, umene alangizi anali atauyamikira kwambiri. Bulugamu nayenso wafikiridwa ndi tizirombo tacilendo toononga masamba ndi nsonga. Wobzala mtundu umodzi amataya zonse nthawi imodzi, koma wosakaniza amataya mbali imodzi yokha.

Caciwiri ndi nthawi. Mlombwa umafuna zaka makumi angapo kuti upereke thabwa, ndipo palibe banja lingadikire nthawi yotero manja ali m'thumba. Koma ngati pa tsala lomwelo pali nandolo wobereka caka coyamba, jelejele wopereka nkhuni caka caciwiri, magwafa ndi mango zobereka m'zaka zocepa, ndi nsungwi zolukira madengu, banja limadya pamene mitengo yocedwa ikukula. Mitengo yofulumira ndiyo imachinjiriza yocedwa ku nkhwangwa.

Cacitatu ndi nthaka. Mitengo ina mizu yake imatsika pansi kwambiri, ina imayenda pamwamba. Ina imakonda dzuwa, ina imakula bwino mumthunzi wa inzake. Mitengo ya m'banja la nyemba, monga msangu, jelejele ndi gilirisidiya, imaika m'nthaka cakudya comwe mlimi amagula m'thumba la feteleza wobereketsa. Pa malo a kafukufuku a Msekera ku Chipata, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Dr. Freddie Kwesiga ndi anzake anaonetsa kuti tsala lobzalidwa jelejele kwa zaka 2 kapena 3 limabereka cimanga cambiri kuposa tsala la udzu wokha. Pambuyo pake, ataona kuti jelejele payekha amagwidwa ndi tizirombo ndipo saphukanso bwino akadulidwa, akatswiri a pa Msekera anayesanso kumusakaniza ndi mitengo yophukira monga gilirisidiya.

Cacinai ndi zokolola za m'thengo. Bowa wambiri wodyedwa amakhala pa ubale ndi mizu ya mombo, mtondo ndi msuku, ndipo mitengoyi ikatha bowayo amathanso. Mphalabungu zimadya masamba a mitengo ya m'thengo. Njuci zimafuna maluwa a miyezi yosiyanasiyana kuti mng'oma usasamuke. Luzi, mankhwala, mipini ya makasu ndi mitondo yosinjira, ciri conse ciri ndi mtengo wake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mtengo wa mtundu umodzi sungasenze zosowa za mudzi.

MTENGO ULI WONSE PAMALO PAKE

Kusakaniza si kumwaza mitengo cisawawa. Tsala liyenera kuyendedwa coyamba ndi akuluakulu odziwa mitengo imene inalipo kale, pamodzi ndi mlangizi wa za nkhalango kapena wa zaulimi, kuti malo agawidwe monga mwa cikhalidwe cake.

M'mbali mwa mitsinje ndi pa akasupe payenera mitengo yokonda madzi ndi yogwira gombe, monga mkuyu, mbawa, nyowe, mthethe ndi nsungwi. Bulugamu asayandikire malo amenewa, pakuti amakula msanga ndi kumwa madzi ambiri. Khasu nalonso litalikire gombe.

Pa zitunda ndi pa malo amiyala pasalimidwenso. Apa ndi pa mombo, mtondo, msuku ndi mpundu, ndipo nchito yaikulu ndi kusamala mphukira, ndi kuonjezera mlombwa ndi muwanga m'mipata. Wobzala mlombwa asataye mtima akaona kamtengo kauma m'cirimwe, pakuti ndi khalidwe lake kufota pamwamba zaka zingapo pamene muzu ukukula, kenaka nkuturutsa thunthu lokhalitsa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Njere za masuku zifesedwe zikangocotsedwa m'cipatso, cifukwa zikauma sizimera, ndipo m'macubu muikidwe dothi lotapa pansi pa msuku waukulu. Misuku ibzalidwe yambiri pamodzi, popeza ina ndi yaimuna ndipo yobereka ndi yaikazi yokha.

Pa malo athyathyathya amene adzalimidwanso, mfumu ya mitengo ndi msangu. Mtengo uwu umacita zosiyana ndi inzake: umayoyola masamba mvula ikayamba, kotero kuti suphimba cimanga, ndipo umaphuka m'cirimwe, nupatsa ziweto mthunzi ndi zitheba. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, linalangiza kubzala misangu motalikirana mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala, kapena 25 pa lima imodzi. Pa miyeso ya bungweli ya mu 2008, cimanga cosathiridwa feteleza cinabereka matani 4.1 pa hekitala pansi pa misangu yaikulu, pamene kunja kwa misanguyo cinabereka matani 1.3. Njere ya msangu ndi yolimba, iyenera kupalidwa pang'ono khungu isanafesedwe, ndipo mbande iokedwe ikali ya masabata 5 kapena 6, muzu wake wautali usanapindike m'cubu. Pakati pa misangu, imene imacedwa kukula, pabzalidwe gilirisidiya, jelejele, mthuthu ndi nandolo.

Pafupi ndi nyumba, pamene pali maso a mwini ndi madzi otsukira mbale, payenera zipatso: mango, magwafa, malalanje ndi mapapaya.

Maenje akumbidwe mvula isanayambe, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa, ndipo mbande ziokedwe nthaka itanyowa bwino, mwezi wa Januwale usanapite patali, kuti mizu igwire mvula isanathe. Mmera mpoyamba. Alimi a ku Chongwe ali ndi mwai wakuti sukulu ya zaulimi ya Kasisi, imene Ajezuiti anaitsegula mu 1974, iri m'boma lao lomwe, ndipo kwa zaka zambiri yaphunzitsa ulimi wa manyowa ndi wosakaniza mbeu ndi mitengo.

MWINI NKHALANGO NDANI

Munthu sasamala mtengo umene sadziwa ngati adzadya zipatso zake. Pansi pa lamulo la nkhalango la 1973, mphamvu zonse pa mitengo zinali m'manja mwa Boma, ndipo anthu ambiri anali kuona nkhalango ngati cuma ca eni ake ena. Lamulo la Nkhalango la 2015, pamodzi ndi malamulo ake a nkhalango za m'midzi a 2018, linasintha zimenezi. Tsopano anthu a mudzi umodzi kapena midzi ingapo angathe kupanga gulu losamala nkhalango, kugwirizana za malire, kupeza cilolezo ca mfumu, ndi kupempha Mkulu wa Dipatimenti ya Nkhalango kuti awazindikire. Gulu likazindikiridwa ndi kusaina pangano, limakhala ndi mphamvu yoika malamulo ake, yoletsa odula ocokera kwina, ndi yopindula ndi zokolola za m'nkhalangomo.

Pa masala a mabanja, nyakwawa ilengeze pa bwalo kuti tsala limene mwini wake akusungapo mitengo si malo ogona, ndipo silidzapatsidwa kwa wina. Mau amenewa ndi ofunika kwambiri ku Chongwe, kumene ogula malo ocokera ku mzinda acuruka. Amai amasiye ndi acinyamata atsimikiziridwenso kuti mitengo imene abzala idzakhala yao. Za ndalama zogulira macubu, mbeu ndi ming'oma ya njuci, magulu akumbukire kuti thumba la citukuko la CDF linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo mapempho amadzera ku komiti ya citukuko ya wadi.

NCHITO YA NTHAMBI

Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Kaunda, pophunzitsa za Umunthu kuyambira mu 1967, anali kunena kuti citukuko ciri conse ciyenera kuika munthu pakati. Nkhalango ikubwezeretsedwa cifukwa ca munthu: mai amene amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni, mwana amene amacedwa ku sukulu ali pa mzere wa madzi, ndi mlimi amene feteleza wamukulira mtengo. Membala wa Cipani amene amangooneka pa nthawi ya masankho sanamvetse udindo wake. Udindo wake uli pa nchito zooneka ndi maso, ndipo nchito za nthambi iri yonse ndi izi.

Nthambi ikhale pansi ndi nyakwawa ndi anthu onse a m'mudzi, a Cipani ndi osakhala a Cipani, pakuti mtsinje susankha womwa. Asankhe tsala limodzi loyambirapo, ngakhale la malima anai okha, makamaka limene liri kumutu kwa kasupe kapena m'mbali mwa mtsinje. Atsogoleri a nthambi ayambe pa masala ao, cifukwa anthu amatsata zimene aona koposa zimene amva. Amai, amene amadziwa mtengo wa nkhuni zabwino, wa bowa ndi wa mankhwala, akhale ndi mau posankha mitundu yobzala, ndipo akhale m'komiti monga atsogoleri, osati ophika cakudya ca msonkhano. Acinyamata atole njere pa nyengo yake, ayang'anire nazale ndi kulambula njira za moto. Eni ziweto agwirizane za kodyetsera, ndipo mbande zichingidwe ndi minga. Oocha malasha aitanidwe m'gulu, apatsidwe mbali yodula mosinthanasinthana, ndi kuthandizidwa kuyamba ulimi wa njuci ndi wa ndiwo zamasamba.

Pomariza, mlembi wa nthambi asunge buku. Zaka zambiri dziko lino laona miyambo yobzala mitengo pamene alendo olemekezeka amathirira kambande, anthu naomba m'manja, koma pofika Okutobala pamalopo pali dzenje lokha. M'bukumo mulembedwe zitsa zimene zasamalidwa, mbande zimene zabzalidwa ndi mitundu yake, ndipo koposa zonse mitengo imene yapezeka yamoyo mvula yaciwiri itagwa. Ciwerengero cotsirizaci ndico ciyenera kuwerengedwa pa msonkhano wa wadi, ndipo nthambi iyamikiridwe kapena kudzudzulidwa pa ico.

Caka ndi caka, dzinja likayandikira, Asoli amasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi, umene dzina lake litanthauza kukokera mitambo pansi. Pa mwambowu Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene analowa ufumu mu 1971, amapempha mvula ndi kubzala mbeu zoyamba, ndipo anthu amabwerera kwao kukayamba ulimi. Kupempha mvula ndi mbali ya mfumu ndi makolo. Kusunga mvulayo ikagwa, kuti ilowe m'nthaka ndi kukaturukira mu Chalimbana ndi mu Chongwe m'mwezi wa Okutobala, ndi mbali ya mudzi uli wonse umene uli ndi tsala. Nthambi zikonze maenje ndi mbande tsiku la 15 Disembala lisanafike.

Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi.